Kuyeza madzi a m'mitambo ya panyanja: MODIS kapena AMSR2?

MODIS, kamera yapadera yomwe ili pa setilaiti za Terra ndi Aqua, imaona kuwala kwa dzuwa kobwerera kuchokera pamtambo n'kuwerengera makulidwe ake ndi kukula kwa timadontho take, zomwe zimasonyeza kuchuluka kwa madzi ake, imaona bwino mpaka kilomita imodzi moti timitambo ting'onoting'ono imatigwira, koma dzuwa likangolowa basi ntchito yaima, likapendekanso kwambiri manambala amasokonekera.

AMSR2 ya ku Japan, yomwe inakwera m'mlengalenga pa setilaiti mu 2012, imamvera ma microwave (mafunde osaoneka onga a wailesi) ochokera m'madzi a mumtambomo, usiku ndi usana yomwe. Panyanja imatha bwino poti nyanjayo imatulutsa ma microwave ochepa ndiye mtambo umaonekera. Vuto lake imaona mwachimbulimbuli, makilomita ambiri pakamodzi, ndipo kukamagwa mvula imasakaniza madontho a mvula ndi a mtambo. Komabe ineyo pofuna kudziwa momwe mitambo imasinthira usiku, ndimatsamira AMSR2 yomweyi.