Build ikasweka pa main: kubweza, kukonzera pomwepo, kapena merge queue?

Nthambi ya main (nthambi yaikulu ya khodi mu Git, kumene ntchito ya onse imakumana) ikasweka, kutanthauza kuti build, kumanga pulogalamu kuchokera ku khodiyo, ikulephera, aliyense amene wachita pull (wakoka khodi yatsopano) ntchito yake imaima, ndipo CI (makina oyesa khodi okha) imafiira ngakhale pa ma PR (mapempho ophatikiza khodi ku main) osalakwa.

Ife timati yambani ndi git revert. Imapanga commit (gulu la zosintha losungidwa mu Git) yatsopano yofafaniza zosintha zolakwazo osakhudza mbiri, choncho force push (kulemba mokakamiza pamwamba pa mbiri ya onse) siifunika. Ku pulojekiti ya LLVM wopereka khodi amaloledwa kubweza commit ya mnzake ikaswa build, mwini wake n'kudzaibweretsanso atakonza. Sikumunyoza ayi. Msampha uli pobweza merge commit (commit yophatikiza nthambi ziwiri): pamafunika kuonjezera -m 1 pa git revert, ndipo mukadzaphatikizanso nthambi yomweyo, Git imaona ngati zosinthazo zinalowa kale, ndiye siizibweretsa. Bwezani revert ija kaye. Ngati commit yolakwa simukuidziwa, git bisect run imaipeza pakati pa ma commit 1,000 poyesa pafupifupi ka 10, ndipo script yanu yoyesera ikatuluka ndi nambala 125, kusonyeza kuti commit siyeseka, commit-yo imadumphidwa.

Kukonzera pomwepo kumayenera vuto likakhala poyera, monga import yoiwalika, kapena pamene kubweza kungaononge zambiri, monga migration (kusintha kapangidwe) ya database yomwe yayenda kale. Kupitirira apo n'koopsa. Mwini khodi akhoza kukhala ali m'tulo kutsidya la nyanja, pomwe ma commit ena akuunjikana pamwamba, ndipo cholakwa chachiwiri chimabisala kumbuyo kwa choyamba.

Merge queue, mzere umene ma PR amadikirapo kulowa mu main, ndi yoteteza, osati yochiza. Pa ntchitoyi pulojekiti ya Rust imagwiritsa ntchito chida chotchedwa bors, ya OpenStack inapanga Zuul, ndipo GitHub inatulutsa yake mu 2023. PR iliyonse imayesedwa pamwamba pa main wa nthawi yomweyo isanalowe. Izi zimagwira vuto limene review (kuunika khodi kwa anthu) siiona kawirikawiri: wina wasintha dzina la function, wina akuitana dzina lakale, PR iliyonse payokha ikudutsa, koma zikakumana build imasweka. Kuipa kwake, imadya nthawi ya makina a CI, ndipo test yomwe imalephera mwa apo ndi apo imatulutsa PR yabwino pamzere n'kuyambitsanso zonse za kumbuyo kwake. Konzani ma test amenewo musanayatse queue. Pa GitHub Actions (CI ya GitHub) onjezaninso merge_group pa workflow, apo ayi ma check sayamba ndipo mzere umangoima.

Pulojekiti ya ma PR ochepa pa sabata isavutike ndi merge queue. Kukakamiza kuti nthambi ikhale ndi main watsopano isanaphatikizidwe kumakwanira.