Google Drive ya pakampani: ndani aone, ndani asinthe, ndani afufute

Makampani ang'onoang'ono a kuno ku Harare, kaya ogulitsa zitsulo ku Graniteside kapena onyamula katundu ku Msasa, amasunga zikalata zawo pa Google Drive: ma invoisi, mndandanda wa katundu, malipiro a antchito, mafomu a ZIMRA (bungwe lotolera misonkho) ndi NSSA (bungwe la penshoni za antchito). Ndemanga yathu ikukhudza mbali imodzi yokha ya pulogalamuyi, yopereka chilolezo kwa munthu pa fayilo kapena foda. Mbali imeneyi ndi yolimba ndithu, koma imalimba pokhapokha kampani ikalipira Google Workspace, ma akaunti a Google a makampani, n'kuika zikalata zake mu shared drive, malo osungira mafayilo omwe mwini wake ndi kampani yonse. Mukamayendetsa bizinesi pa ma akaunti a Gmail aulere a antchito anu, dziwani kuti zikalatazo si zanu.

Fayilo imene munthu wapanga mu My Drive, malo ake a payekha osungira mafayilo, mwini wake ndi iyeyo. Mlembi akalemba ma invoisi a chaka chonse pa akaunti yake ya Gmail n'kugawana ndi bwana, bwanayo amangokhala mlendo. Tsiku limene mlembiyo adzasiye ntchito, mwina mosagwirizana, akhoza kutseka chilolezo ndipo palibe batani lililonse limene bwana angadine kuti azitenge. Google salolanso kusamutsa umwini wa fayilo mwachindunji kuchoka pa akaunti ya munthu payekha kupita pa akaunti ya kampani. Mu shared drive zinthu n'zosiyana: fayilo ndi ya kampani, wolemba akachoka imatsala pomwepo.

Mu shared drive muli maudindo asanu. Viewer amangoona. Commenter amaona n'kulemba ndemanga. Contributor amaika mafayilo atsopano ndi kusintha omwe alipo, koma sangawasunthe kapena kuwataya. Content manager amasuntha ndi kutaya. Manager ndiye amalowetsa ndi kutulutsa anthu, ndiponso kufufutiratu zinthu. Udindo umene timauyamikira kwambiri ndi wa Contributor, chifukwa ndi umene antchito ambiri amafunikiradi, koma anthu amaudumpha n'kupatsa aliyense Content manager. Zotsatira zake, wina amakoka foda ya ma invoisi mwangozi n'kuiponya mu foda ina, aliyense n'kumaganiza kuti yasowa. Manager asapitirire anthu awiri, ndipo asakhale mmodzi yekha, kuti wina akadwala kapena akapita kumudzi ku maliro ntchito isaime.

Chilolezo chimatsika kuchokera pamwamba. Mukaika fayilo mu foda, imatenga chilolezo cha fodayo, ndipo munthu amene ali membala wa shared drive amaona zomwe zili m'katimo. Apa ndi pomwe malipiro amaululikira. Wowerengera ndalama amasunga pepala la PAYE, msonkho wodulidwa pa malipiro, mu drive yomwe muli mitengo ya katundu, ndiye wogulitsa pa kauntala amadziwa zimene mnzake amalandira. Njira yosavuta kuiyang'anira ndi kukhala ndi ma shared drive osiyana: ina ya malonda, ina ya ndalama, ina ya nkhani za antchito yomwe mulowe anthu awiri kapena atatu basi. Kumbukirani kuti m'mafayilo a antchito muli manambala a ziphaso ndi ma akaunti a kubanki, ndipo lamulo la Cyber and Data Protection Act la 2021, lomwe amaliyang'anira ndi a POTRAZ, bungwe loona za mauthenga ndi matelefoni, limafuna kuti zinthu zotere zitetezedwe.

Musamapereke chilolezo kwa anthu mmodzimmodzi. Pangani gulu pa Google Groups, monga la ogulitsa kapena la owerengera ndalama, n'kupereka chilolezo ku gululo. Wobwera kumene mumangomuika m'gulu, wochoka mumamuchotsa malo amodzi. Kupanda kutero mudzafunika kutsegula mafoda makumi atatu kufufuza pomwe dzina lake latsalira.

Choopsa chachikulu ndi "Anyone with the link". Kasitomala akafuna mitengo mwachangu, wogulitsa amasintha kuchoka pa Restricted (olembedwa maina okha) kupita pa "Anyone with the link" (aliyense amene ali ndi linki), n'kutumiza linki pa WhatsApp. Linkiyo ikapita m'gulu lina, aliyense amene waipeza amatsegula popanda kufunsidwa dzina, ngati kiyi wa sitolo wosiyidwa pakhomo. Wogulitsayo akasankha Editor (wololedwa kusintha) m'malo mwa Viewer ndiye basi, mlendo akhoza kusintha mitengo. Woyang'anira akaunti ya kampani akhoza kutseka kapena kuchepetsa kugawana ndi anthu akunja mu Admin console, tsamba loyang'anirira ma akaunti a kampani, ndipo tikulangiza kuti achite zimenezo tsiku loyamba. Kwa munthu wakunja amene mukumufunadi, monga wofufuza mabuku a ndalama, m'patseni chilolezo pa imelo yake n'kuika tsiku limene chidzathe chokha. Pa bokosi logawira pali kachizindikiro ka giya: pamenepo chotsani chilolezo choti ma Editor azigawanso fayilo, ndi choti oona okha azikopera kapena kusindikiza. Izi siziletsa munthu kujambula sikirini ndi foni, choncho musazidalire mopitirira.

Pomwe pulogalamuyi imafooka ndi m'kati mwa fayilo. Mu Google Sheets mukhoza kuteteza tsamba kapena mizere ina kuti isasinthidwe, koma kutetezako sikubisa kanthu. Ngakhale tsamba lobisidwa, amene ali ndi chilolezo chokopera fayiloyo akhoza kuliona. Ngati mukufuna kuti wogulitsa aone mtengo wogulitsira wa ZiG (ndalama ya ku Zimbabwe) ndi wa madola koma asaone mtengo umene munagulira, gawani mafayilo awiri. Kampani imene ikufuna chilolezo cha mzere ndi mzere, kuti aliyense aziona makasitomala ake okha, yakula kupitirira Drive, ikufunika pulogalamu ya malonda yeniyeni.

Palinso vuto lobwera ndi kuzima kwa magetsi. Anthu amatsitsa mafayilo pa laputopu kuti azigwira ntchito intaneti ikadula, zomwe n'zomveka, koma fayilo yotsitsidwa siidziwa kuti chilolezo chachotsedwa. Wantchito akamachoka, yambani mwalandira laputopu ya kampani, kenako imitsani akaunti yake m'malo moifufuta. Samutsani mafayilo ake a mu My Drive kupita kwa wina, ndipo mukatsimikiza kuti zonse zafika, fufutani. Mukafufuta msanga muli ndi masiku 20 okha obwezeretsa akauntiyo, ndipo zotayidwa mu Trash zimakhalamo masiku 30.

Lipiro la Google Workspace ndi la madola pa munthu aliyense mwezi ndi mwezi, ndipo n'chifukwa chake ena amagula akaunti imodzi n'kugawana pasiwedi anthu asanu. Mukatero zonse tafotokozazi zatha ntchito, chifukwa mbiri ya kusintha kwa fayilo idzangosonyeza dzina limodzi, osadziwika amene anasintha invoisi. Ndi bwino kugula ma akaunti ochepa a okhawo ogwira zikalata kusiyana ndi kugawana imodzi.