Kugula ma unit trust ku Britain: kwa broker kapena ku kampani yeniyeniyo?

Amalawi amene ali ku Britain ndipo akufuna kuti ndalama zawo zizibereka ali ndi njira ziwiri zogulira unit trust, thumba limene anthu ambiri amasonkhamo ndalama kuti kampani iziika m'masheya ndi zina zobweretsa phindu. Mutha kupita ku kampani yomwe imayendetsa thumbalo, monga Vanguard, kapena kudzera mwa broker, mkhalapakati wogulitsa matumba a makampani osiyanasiyana, monga Hargreaves Lansdown kapena AJ Bell.

Pa mtengo, Vanguard imadula 0.15% pachaka pa akaunti, koma wokhala ndi ndalama zosakwana £32,000 amalipira £4 mwezi uliwonse. Kwa woyamba kumene, zimenezi zimaluma ndithu. Broker naye amadula yake, kuwonjezera pa chindapusa cha thumbalo.

Pa kusankha, ku Vanguard mugula zake zokha basi. Kwa broker muli ngati mu msika wa Limbe: matumba a makampani ambirimbiri, akaunti imodzi, ndipo kusintha n'kosavuta.

Msonkho ndi chimodzimodzi: konse mutha kutsegula ISA, akaunti yomwe phindu lake salidula msonkho, ndi kuikamo mpaka £20,000 pachaka pa ma ISA anu onse pamodzi.

Amene mukufuna thumba limodzi lotsika mtengo, n'kuliiwala zaka khumi, pitani ku kampani. Okonda kusakaniza ndi kuyerekeza, broker ndiye wanu, bola muziwerenga zodula zonse.