Zithunzi za banja la a Wright ndi zabwino, koma mnyamata wa pafoni uja ayi

Ndinagula pa intaneti seti ya zithunzi ziwiri za m'felemu za a Wright, banja lotchuka pa masewera a baseball, ya mapaundi 42 pamodzi ndi kutumiza. Inafika pasanathe sabata, yokulungidwa bwino, galasi losasweka. Pamenepo ndilibe dandaulo. Nkhani yanga ili pa mawu olembedwa pansi pa chithunzi, komanso pa mnyamata amene amayankha foni kwa ogulitsawo.

Ife timakhala ku Sheffield. Mwana wanga wamkulu amasewera kiriketi, wamng'ono anatengeka ndi baseball, ndipo anzake kusukulu akhala akumunena kuti akulimbana ndi masewera a eni ake a ku America. Tsiku lina anabwera nkhope ili gwa, akuti asiya. Ndinamukhazika pansi n'kumuuza kuti munthu amene anatsogolera timu yoyamba ya baseball yolipira osewera ake onse poyera, Cincinnati Red Stockings ya 1869, anabadwira mumzinda uno mu 1835. Dzina lake Harry Wright. Bambo ake, a Sam Wright, anali katswiri wa kiriketi, anasamuka ndi banja kupita ku New York Harry ali kamwana, n'kukagwira ntchito ku St George's Cricket Club. Mwanayo maso anayera. Ndiye nditaona seti imeneyi, chithunzi china cha Harry ataima ndi bambo ake atagwira ndodo ya kiriketi, china cha timu yonse ya 1869, ndinati mphatso ya tsiku lake lobadwa yapezeka.

Tinatsegula m'mawa wa tsikulo, tonse tili patebulo. Mwana anawerenga mokweza mawu a pansi pa chithunzi choyamba: George Wright ndi bambo ake, wobadwira ku Cincinnati. Anandiyang'ana. "Adadi, si munati Sheffield?" Mkulu wake anaseka. Mtima wanga unawawa kwambiri, chifukwa pamaso pa mwana ndinaoneka ngati ndinangopeka nkhani yomutonthoza.

Zolakwika zinali ziwiri pa mzere umodzi. Wa pachithunziyo ndi Harry. George ndi mng'ono wake, anabadwa mu 1847 banja lili kale ku New York, kusiyana zaka 12. Ndipo palibe mwa awiriwa amene anabadwira ku Cincinnati. Harry anapitako ali wamkulu kukagwira ntchito ya kiriketi, baseball inachita kumupeza konko ataizolowera kale ku New York.

Ndinaimba foni masana omwewo. Mnyamatayo sanandilole n'komwe kumaliza. Akuti mawuwo ndi a kompyuta, sangalakwike. Nditamufotokozera za zaka, anati anthu amagula chithunzi, sagula mawu, ndipo palibe amene amawerenga zapansizo. Kenako anandifunsa kawiri ngati ndikudziwa kuti baseball ndi chiyani, akulankhula pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa mwana wa sitandade 1. Izi ndi zimene sindidzaiwala. Munthu ukhoza kulakwitsa polemba, tonse timalakwitsa, koma kumva kalankhulidwe ka munthu n'kuganiza kuti sadziwa kanthu ndi mwano. Anamaliza n'kunena kuti ngati ndikufuna kubweza ndilipire ndekha positi, n'kudula foni ndisanatsanzike.

Usiku umenewo ndinalemba imelo yaitali, ndili wokwiya. Ndinaikamo zonse zimene ndinkauza mwana: kuti mu 1869 timu ija inazungulira America mpaka ku California osagonja, Harry akusewera pakati kubwalo lakunja n'kumatsogolera, George ali shortstop (wotchinga mpira m'bwalo lamkati), ndipo malipiro a George, madola 1,400, ankaposa a mkulu wake, madola 1,200. Kuti anagonja koyamba mu June 1870 kwa Brooklyn Atlantics, 8 kwa 7. Kuti abalewa anasamukira ku Boston n'kutenga ligi zaka zinayi zotsatizana, 1872 mpaka 1875, ndipo mu 1874 anabwera ndi timu kuno ku England kudzaonetsa masewerawa kwawo kwa bambo awo. Ndinati ngati mukugulitsa nkhope za anthu, dziwani maina awo.

Patapita masiku atatu anandiyankha mayi wina, ndikuganiza ndi mwini wa bizinesiyo. Apa ndiye mtima unayamba kutsika. Sanazembe. Anati afufuza, ndikunena zoona, mawuwo anasokonezeka ndi a chithunzi china, ndipo achotsa setiyo pa intaneti mpaka akonze. Anatumiza kakhadi katsopano kolembedwa bwino, Sheffield ikuoneka poyera, n'kuonjezerapo kachithunzi kakang'ono ka George kwaulere. Kumasula felemu ndinachita ndekha, tizitsulo takumbuyo n'tolimba moti ndinagwiritsa mpeni wa patebulo, koma zinatheka.

Kachithunzi kaulere kaja ndi kamene kabweretsa phokoso labwino m'nyumba. Ndinawauza ana kuti mu 1879 George anatsogolera timu ya Providence n'kutenga ligi, Boston ya mkulu wake n'kukhala yachiwiri. Wamng'ono anakatenga n'kukaika pambali pa bedi lake, akuti iye ndi George. Wamkulu akuti palibe vuto, Harry anakhala manijala zaka zoposa 20, mpaka ku Philadelphia mu 1893, ndiye tione amene atope msanga. Akhala akukangana za abale a Wright sabata yonse, ndipo za kusiya baseball sizikumvekanso.

Zithunzizo pazokha n'zoyera bwino, ndevu za Harry ndi masokosi aatali a timu ija zikuoneka bwinobwino, pepala lake n'lochindikala. Cha timu chija chadako pang'ono m'mphepete, nkhope ya wakumapeto siioneka kwenikweni.

Ndapereka nyenyezi zitatu. Poyamba ndinkafuna imodzi, mayi aja akweza ziwiri. Zotsalazo zapita ndi mnyamata uja, amene mpaka lero sanapepese ngakhale ndinamutchula mu imelo. Mukagula, werengani mawu a pansi musanapereke kwa mwana, ndipo pakakhala vuto lembani imelo, foni ayi.