Miyezi 14 ndi laputopu yojambulira magemu, ndipo fani yandidyera K95,000

Sabata yatha msuweni wanga, amene wangomaliza Fomu 4 ndipo Blender, pulogalamu yopangira zinthu za 3D, yamulowa m'magazi, ananditumizira chithunzi cha laputopu pa WhatsApp. "Achimwene, imeneyi ndi yofanana ndi yanu ija? Ndiwauze adadi agule?" Uthengawo unandipeza ndili m'tauni, nditangopereka K95,000 kwa mnyamata wokonza makompyuta, laputopu yangayo ili m'chikwama, mtima uli pamwamba. Ndinamuuza kuti adikire kaye ndifike kunyumba ndizizire, chifukwa ndikanamuyankha nthawi yomweyo ndikanamuuza kuti akagule mbuzi.

Ndinaigula mu Seputembala 2023 kwa bambo wina wa mu Lilongwe muno amene amakatenga katundu ku Johannesburg. Mtengo unali K1,450,000, ndalama imene ndinasunga chaka chathunthu, ina n'kubwereka kwa alongo anga. Ndi ya mainchesi 15.6, GPU yake (kachipangizo koyendetsa zithunzi) ndi RTX 3060 ya 6GB, RAM 16GB, SSD 512GB, sikirini ya 144Hz. Dzina la kampani yake ndalisiya dala, chifukwa mlandu wina ndi wa fumbi la kwathu ku Area 25, winanso ndi wanga. Ntchito yanga ndi kupanga zinthu za 3D za m'magemu, monga mipando, mitengo, nyumba ndi anthu, za kagulu kena kakang'ono ka kunja kamene kamandipatsa ganyu. Ndimapanganso timakatuni tifupitifupi tolengezera malonda ndi mauthenga a zaumoyo.

Mwayi woyamba unali wa nthawi. Patangopita miyezi iwiri, mu Novembala 2023, kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya zinthu ngati zimenezi inakwera usiku umodzi. Masiku amenewo ndinkayenda ngati munthu wanzeru kwambiri pa Area 25 ponse.

Zimene zikuyenda bwino sizifuna mawu ambiri. Kiyibodi ili bwinobwino, palibe batani lofufutika. Imayaka msanga. Tabuleti yanga yojambulira ya Huion ndimangolumikiza, pulogalamu yojambulira ya Krita n'kuyamba kugwira osavuta. Blender ikakhala pa Eevee, njira yake yopepuka yoonetsera zithunzi, zinthu zimazungulira mosadodoma. Chimene chinandisangalatsa mosayembekezera ndi chakuti RAM yake si yomatirira, imachoka, ndiye mu Malichi ndinaikweza kufika pa 32GB. Kuyambira pamenepo ndimatsegula Blender, Substance Painter yopentera zinthu za 3D ndi Chrome nthawi imodzi popanda kupemphera. Batire imakhala ola limodzi ndi theka ngati ndikungojambula, koma magetsi akazima GPU imafooka kwambiri, moti batireyo ntchito yake ndi kundipatsa mpata wosunga zimene ndimapanga, osati kupitiriza render, ija kompyuta imatulutsa chithunzi chomaliza.

6GB ija poyamba ndinkaiona yokwanira. Tsiku lina ndinapanga msika wathunthu, mabenchi, madengu a tomato, mafuwa okazingira tchipisi, chilichonse ndi texture ya 4K, kutanthauza chithunzi chachikulu chokutira pamwamba pake. Nditadina render mu Cycles, njira yolemera kuposa Eevee, Blender inangondiyankha kuti "System is out of GPU memory". Zonse zimene zili mu scene zimayenera kukwana mu memory ya GPU, ndipo 6GB imadzaza msanga ndi ma texture a 4096. Njira inapezeka. Pali malo otchedwa Simplify pamene umatha kulamula kuti texture isapyole 2048, ndipo dengu limene lili kutali ndi kamera palibe angadziwe kuti lachepetsedwa. Koma Unreal Engine 5, pulogalamu yopangira magemu, ukayatsa Lumen yowunikira scene imalemera, imachita kuyenda ngati ngolo ya ng'ombe pamchenga. RAM ndinawonjezera, koma memory ya GPU ya laputopu ndi yomatirira, imene unagula ndi yomweyo mpaka kalekale.

Chinanso ndinachidziwa mochedwa. RTX 3060 ya mu laputopu si imodzi. Kampani yopanga laputopu ndi imene imasankha mphamvu ya magetsi yoipatsa, ndipo ina imapatsidwa mawati 60 okha pamene ina imafika 130. Dzina pa katoni ndi limodzi lomwelo. Nditaika HWiNFO, pulogalamu yoonetsa mphamvu ndi kutentha kwa kompyuta, ndinaona kuti yanga sipyola 80. Mnzanga ali ndi 3060 yomweyo mu laputopu yonenepa, yolemera ngati njerwa, ndipo scene imodzi yomweyo iye amandisiya m'mbuyo. Ine ndinasankha yopyapyala chifukwa inkaoneka bwino pa tebulo la ogulitsa.

Sikirini nayo inandichititsa manyazi kamodzi. Ndinajambula mayi wogulitsa mandasi, chitenje chofiira, khungu labwino ndithu. Kasitomala atatsegula pa foni yake anandifunsa ngati mayiyo wapsa ndi moto. Sikirini yanga ndi ija amalemba kuti 45% NTSC, imene imaonetsa mitundu yozilala, pafupifupi magawo awiri mwa atatu a sRGB, muyezo wa mitundu umene masikirini ambiri amatsatira. Ine poona kuti kufiira kwachepa ndinkangowonjezera. 144Hz ija ndi yabwino kwa wosewera gemu, wojambula siimuthandiza kuona mtundu weniweni. Ndinagula monita yakale ya IPS kwa munthu wina amene amatseka ofesi, nkhani n'kutha.

Koma chimene chandilembetsa zonsezi ndi kutentha.

Zinayamba mu Meyi, mwezi wachisanu ndi chitatu. Fani ya kumanzere inayamba kulira mosiyana ndi inzake, kaphokoso kokhala ngati kachitsotso kakukhudza sipoko ya njinga. Ndinajambula kavidiyo n'kutumizira ogulitsa aja. Anayankha mwansangala. "Achimwene, ma gaming ndi mmene amalilira, musadandaule, ndi mphamvu imeneyo." Ndinawakhulupirira chifukwa kunali kukuzizira, ndipo mu Juni ndi Julayi laputopu inkagwira ntchito ngakhale inkang'ung'udza.

Mu Ogasiti, mphepo ya fumbi itayamba, phokoso linakula. Usiku ndikasiya render, akazi anga ankadzuka n'kufunsa ngati wa kabaza waima pakhomo. Kenako inayamba kuzima yokha. Ulendo woyamba unandiwawa kwambiri. Ndinali ndi katuni ya masekondi 20, mafuremu 480, yofunika m'mawa mwake. Ndinaiyambitsa cha m'ma 9 koloko usiku, n'kukagona. Podzuka 4 koloko ndinapeza sikirini yakuda, pansi pa laputopu pali potentha ngati mbaula imene yangozimitsidwa kumene. Choipa kwambiri, ndinali nditaiuza Blender kuti itulutse vidiyo mwachindunji. Fayilo yotereyo ikadukira pakati siitseguka, ndiye maola onse aja anapita pachabe. Kuyambira tsiku limenelo ndimatulutsa zithunzi za PNG chimodzichimodzi, n'kudzazilumikiza pambuyo pake. Ikazima pa furemu 212, ndimayambira pa 213. Zimenezi zimandipulumutsanso magetsi akazima, ndipo ndikanayenera kuzidziwa kale.

Ndinayesa zonse zimene munthu amayesa asanafune kulipira. Ndinaiika pa mabuku awiri kuti pansi pazipita mphepo. Ndinagula kachoikapo kokhala ndi timafani, kamene kanangowonjezera phokoso. Ndinaiyang'anitsa fani ya m'nyumba. Ndinachepetsa mphamvu ya CPU, ubongo wa kompyuta. HWiNFO inkaonetsabe madigiri 95 ndi kupyola pa CPU render ikangoyamba, ndipo ikafika pamenepo kompyuta imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse, zikakanika n'kuzima. Ntchito imene inkatha maola atatu inayamba kutenga asanu.

Ndinapita kwa ogulitsa aja ndi laputopu m'manja, chifukwa pogula anandiuza pakamwa kuti pali waranti ya chaka chimodzi. Anandilandira bwino, anandipatsa mpando, anandigulira ndi Fanta. Anaimvetsera ikulira, n'kupukusa mutu. "Bwana, iyi ikufunika ipite ku Joni. Kunoko akaitsegula waranti yafa." Ndinafunsa kuti itenga nthawi yaitali bwanji. Anati mwina masabata asanu ndi limodzi, mwina kuposa, kutengera ulendo wawo wotsatira, ndipo ya mayendedwe ndi yanga. Munthu wodya za laputopu yomweyo ungaisiye mwezi ndi theka? Ndinapempha kuti andibwereke ina ngakhale yofooka. Anaseka, amvekere, "Achimwene, ine si banki."

Nditafika kunyumba ndinatulutsa risiti. Inalembedwa pamanja kuti "1 gaming laptop" ndi mtengo basi. Serial number palibe, mawu akuti waranti palibe. Ndinalowetsa serial number ya pansi pa laputopu pa webusaiti ya kampani yopanga, ndipo inaonetsa kuti waranti inayamba kuwerengedwa miyezi ingapo ine ndisanaigule, moti inali itatha kale. Kaya inakhalitsa m'sitolo, kaya wina anaigwirako n'kuibweza, akudziwa ndi iwowo. Nditawatumizira chithunzi cha zimenezi, matiki anasanduka a buluu, yankho silinabwere mpaka lero.

Ndinapirira nayo Seputembala. Okutobala atafika ndi dzuwa lake, inkazima ngakhale masana ndikungopenta mu Substance Painter. Apo m'pamene ndinaitengera kwa mnyamata uja, amene mnzanga wojambula maukwati anandilozera. Anaitsegula ine ndikuona. Pakati pa fani ndi tizitsulo totulutsira kutentha panali chimkeka cha fumbi chofiira, chogwirana ngati thonje la m'pilo, anachita kuchisenda ndi kachitsulo chonse chathunthu. Thermal paste, phala lothandiza kuchotsa kutentha pa CPU, inali itauma, ikuthetheka ngati dothi la pachulu. Fani ya kumanzere anaipukusa ndi chala, inagwedera uku ndi uku. "Akulu, iyi yatha kale. Mumaigwiritsira ntchito pabedi?" Ndinakana mwamphamvu, kenako ndinakumbukira usiku wa Juni umene ndinkajambula nditafunda bulangete, laputopu ili pamiyendo. Sindinamuuze.

Kupukuta ndi kuika paste yatsopano anachita tsiku lomwelo, kutentha n'kutsikako ndithu. Fani yeniyeni kunalibe mu Lilongwe, anachita kuitanitsa, ndipo ndinadikira masabata atatu ndikuyendera fani imodzi ndi theka. Sabata yatha m'pamene anaiika. Zonse pamodzi K95,000. Tsopano render ikafika pachimake CPU imaima cha m'ma 80, ndipo usiku umamveka mphepo yokha. Anandiuza kuti kwathu kuno laputopu yotere izitsegulidwa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, makamaka ikamatha nyengo ya fumbi. Ogulitsa aja akanandiuza zimenezi mu Meyi m'malo mondiuza kuti ndi mphamvu, mwina fani ija ikanapulumuka.

Ndiye ndimuuze chiyani msuweni wanga? Tsiku lolipira lija ndinkaiona laputopuyi ngati chisoni chokhachokha. Lero m'mawa yamaliza mafuremu 300 osadandaula, ndipo ndikaika ndalama pansi nkhani imasintha. Kugula, RAM, monita, kachoikapo kopanda ntchito kaja ndi kukonzetsa, zonse zadutsa K1,800,000. Koma ngongole ya alongo anga ndinabweza mu Epulo ndi ndalama za laputopu yomweyi, lendi ikuchokera momwemo, ndipo pa mitengo ya lero sindingakwanitse kugula ina yofanana nayo. Mnzanga wina amandinena kuti ndikanagula desktop, imene pa ndalama yomweyo imakhala yamphamvu, yozizira, ndipo GPU yake umatha kusintha. Akunena zoona, koma magetsi akazima kwathu ine ndimanyamula chikwama kupita kwa alongo anga ku Area 18, iye amakhala pakhonde kudikira.

Chithunzi chimene msuweni ananditumizira nditachiyang'anitsitsa, inali RTX 3050 ya 4GB, sikirini ya 45% NTSC, RAM 8GB. Ndamuuza kuti yophunzirira Blender ndi Krita ingathe, koma ngati adadi ake angakwanitse adikire ya GPU ya 8GB ngati RTX 4060, afunse mawati a GPU asanafunse za magetsi okongola a pa kiyibodi, aone ngati palembedwa 100% sRGB, ndiponso ngati RAM imachoka. Ndamuuzanso kuti tsiku logula ndipita nawo, tikalowetse serial number pa webusaiti tili m'sitolo momwemo, ndipo ilembedwe pa risiti pamodzi ndi tsiku limene waranti ikutha.

Atanditumizira nambala ya wogulitsayo kuti ndilankhule naye, foni yanga inaonetsa dzina limene ndinalisunga kale. Ndi bambo omwe aja. Dzulo ndinawaimbira pa foni ya msuweni, anayankha kulira koyamba komwe. "Halo bwana, mwaganiza zotenga?" Ndinadzitchula dzina, n'kuwauza kuti tikhoza kukambirana ngati achotsepo K95,000 pa mtengowo. Anati ali mu minibasi sakumva bwino, ayimbanso.