Firiza yogona ya malita 200 ndi mbuzi za ku Mitundu

Amene mukufuna firiza chifukwa mwatopa kugula nyama ya pa kilo Loweruka lililonse, gulani yogona, yotsekula pamwamba ija, yoimirira muisiye. Yanga ndi ya malita 200, yoyera, ya kabasiketi kamodzi ndi loko. Ndinaigula m'sitolo ina ku Area 2 mu 2022, kwacha isanagwe ndi 44 peresenti ija ya mu Novembala 2023, ndiye mtengo wake ndikautchula lero mungondida. Chimene ndimasungamo kwambiri ndi nyama ya mbuzi yowotcha, pakuti kwathu kuno ku Area 25 bambo a ana ndi alamu anga sangaonere mpira pakhonde popanda utsi wa kanyenya.

Mphamvu yake imaoneka magetsi akazima. Chaka chimene ndinaigulacho ndi chomwe namondwe Ana anawononga Kapichira mu Januwale, ndipo tonse tikukumbukira mmene tinkakhalira mumdima. Firiji yanga yoimirira inkachucha madzi pofika madzulo, koma yogonayi nyama inkakhalabe ili gwa. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: mpweya wozizira ndi wolemera, umakhala pansi. Ukatsekula chitseko cha yoimirira mpweyawo umakhuthukira kumapazi ako, pamene yogona umatsalira momwemo ngakhale utukule chivundikiro. Odziwa za kasungidwe ka chakudya amati firiza yodzaza, ukapanda kuitsekula, imagwira pafupifupi maola 48, ndipo ya theka maola 24. Choncho nyama ikayamba kuchepa ndimadzaza mpatawo ndi mabotolo a Sobo a madzi, osafikitsa madziwo pakamwa poopa kuti angaphulike akauma. Magetsi akapita, loko uja ndiye amagwira ntchito: ndimakiya, kiyi ndimamanga pachitenje, wofuna madzi ozizira akamwe a mumtsuko.

Mbuzi timagula ku Mitundu, nthawi zina timasonkherana ndi alamu n'kugawana. Musanyengedwe ndi kukula kwake ili moyo. Mukachotsa chikopa, mutu, mang'ina ndi zam'mimba, nyama yotsala siifika ngakhale theka la kulemera kwake, kotero mbuzi imodzi m'firiza iyi imangogona pansi, malo a nkhuku ndi chambo n'kutsala ambiri. Timaitana a shehe a m'dera lathu kuti adzazinge, chifukwa ena mwa odzadya nafe ndi Asilamu ndipo sindifuna wina azikhala ndi chipisi chokha m'mbale anzake akutafuna nthiti.

Apa ndi pamene ambiri amailakwira firiza, n'kumati imalimbitsa nyama. Mbuzi ikangophedwa, pakapita maola angapo minofu yake imakungika, kenako imayamba kumasuka yokha pang'onopang'ono. Mukaithamangitsira m'firiza ili yofunda, isanadutse m'zimenezi, tsiku lowotcha mudzatafuna mpaka nsagwada kuwawa. Ine ndimaigawa miyendo inayi, msana ndi nthiti, n'kuigoneka m'firiji wamba usiku umodzi kapena tsiku lathunthu, kenako ndiye kudula ndi kuumitsa. Chiwindi, impso ndi nthumbwana sizidikira zonsezo, timadya tsiku lomwelo.

Chikwanje ayi. Chimaphwanya mafupa, tizidutswa take timaboola majumbo, ndipo pakudya mwana amakumana nato m'kamwa. Pali butchala ina pafupi ndi msika wathu yomwe ili ndi makina a sowo, amakudulira nyama yobwera nayo wekha pa kandalama kochepa. Koma uyenera kuimirira pomwepo. Mnyamata wa pamakinayo amafunsa kuti, "Mayi, tidule za ndiwo?" ndipo ukangoyang'ana kumbali mbuzi yonse yasanduka timabokosi ta mphika. Ndimamuuza kuti, "Achimwene, nthiti muzisiye zazitali, msana mudule mokhuthala ngati chala chachikulu, mwendo wakumbuyo musaukhudze." Mwendowo ndimakachotsa fupa kunyumba ndi mpeni, ndiwo umatulutsa kanyenya wofewa. Khosi ndi miyendo yakutsogolo zili ndi mitsempha yambiri, pamakala zimangolimba, zimenezo n'zamphika.

Tsopano zofooka zake, ndipo zilipo ndithu.

Choyamba, siifulumira kuumitsa katundu wambiri nthawi imodzi. Mukaunjika nyama yonse mulu umodzi pakati, yakunja imauma koma yam'kati imakhala yofewa mpaka mawa lake. Kuzizira kumachokera m'makoma, ndiye ndimapanga mapaketi aphwatalala, okwana kudya kamodzi, n'kuwatsamiritsa kumakoma, akauma ndiye kuwasanja. Kogudumuza kake kali ndi manambala chabe, sikakuuza madigiri. Nyama imafuna -18, choncho ndinagula kathemomita kotchipa n'kukaika m'kabasiketi. M'nyengo yozizira nambala yapakati imakwanira, koma mu Okutobala ndimakweza.

Chachiwiri ndi kuya kwake. Ine ndine wamfupi, ndipo kuti nditenge paketi yapansi ndimachita kulowetsa mutu ndi mapewa ngati ndikutapa chimanga chomaliza m'nkhokwe. Nyale m'kati mulibe. Kabasiketi kamodziko n'kakang'ono, kongokwana soseji ndi ma freezes a ana. Ndinathana nazo poika matumba a nsalu amitundu, lofiira la mbuzi, lobiriwira la nkhuku, labuluu la nsomba, n'kumangokoka thumba lonse. Opanga akanaika mabasiketi awiri sakanaluza kanthu.

Komanso imachita ayisi m'makoma ndipo siisungunula yokha. Kabowo kotulutsira madzi anakaika pansi penipeni moti beseni silingalowe, mpaka ndinaikweza pa thabwa ndi njerwa. Pochotsa ayisiyo musagwiritse mpeni. Mukaboola paipi gasi amathawa, firiza yatha. Ndimaika mphika wa madzi otentha m'katimo, ayisi amagwa yekha.

Pa nkhani ya majumbo: opyapyala aja, osakwana ma micron 60, boma linawaletsa mu 2015 ndipo khoti la Supreme linagwirizana nazo mu 2019, ngakhale pamsika akupezekabe. Kupatula zalamulozo, m'firiza ndi achabechabe. Amang'ambika, mpweya umalowa, nyama imachita mawanga otuwa ouma, ndipo pamalo pamenepo ngakhale muthire chiyani sipakoma. Ndimagula okhuthala a zipi, ndimafinya mpweya wonse, n'kulemba tsiku ndi chiwalo ndi maka. Yomangidwa bwino choncho imakhala miyezi ingapo osasintha kukoma, ngakhale kwathu siifika kumeneko. Mchere sindithira poumitsa, umapangitsa mafuta a nyama kuyamba kafungo msanga. Adyo, jinja, mandimu, kambuzi ndi mchere zimadikira nyama isungunuke.

Kusungunulako ndimayamba usiku wa dzulo lake, kuchotsa m'firiza n'kuika m'mbale pa shelefu yapansi m'firiji wamba. Alamu anga amakonda kuyanika paketi padzuwa pamwamba pa galimoto, ndipo takanganapo kangapo. Kunja kumafunda, tizilombo n'kuyamba kuswana, m'kati mukadali mwala. Ngati alendo abwera mwadzidzidzi, viikani paketiyo yotseka m'madzi ozizira, muzisintha madziwo. Ndipo musaike nyama ya ayisi m'kati pamakala, imapserera kunja fupa likadali lofiira.

Kwa okonda nkhumba ndinene pang'ono. Kuzizira sikupha matenda onse, ambiri kumangowagoneka. Kachilombo ka chigodola cha nkhumba kamakhala moyo miyezi yambiri m'nyama youmitsidwa. Anthu sikatidwalitsa, koma zotsala zake zikafika kukhola zimatha nkhumba zonse. Ndiye mukamva kuti nkhumba zatchipa mwadzidzidzi kumudzi, musathamange ndi firiza yanu.

Za mayunitsi a magetsi sindidandaula. Imalira pang'ono, kenako imakhala chete nthawi yaitali, bola isakhale padzuwa kapena pafupi ndi mbaula, ndipo muisiyire mpata kukhoma. Chimene simuyenera kuumira ndi fridge guard. Magetsi akamabwera amabwera ndi ukali, kachipangizoka kamadikira mphindi zingapo kasanalole moto kulowa, ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi kompulesa yatsopano. Chingwe cha firizayi n'chachifupi, koma musachilumikize ku ekisitenshoni yotchipa ija, ipezereni soketi yakeyake.

Banja la anthu awiri kapena atatu, malita 200 akuchulukirani, muzingoziziritsa mpweya ndi mabotolo. Tengani yocheperapo, kapena gwirizanani ndi aneba. Mukafika m'sitolo, yang'anani kachikwangwani kakumbuyo: chilembo T chikutanthauza kuti inapangidwira kutentha kofika madigiri 43, ST kofika 38, ndipo m'nyumba ya malata yopanda siling'i mu Okutobala T ndiye yabwino. Tsekerani kapepala pachivundikiro n'kukakoka, kakatuluka mosavuta ndiye kuti labala wake sakugwira, sankhani ina. Ikafika kunyumba pa pikapu, ipumule maola angapo musanaiyatse kuti mafuta a kompulesa akhazikike. Ndipo kabasiketi kachiwiri mukapemphe musanapereke ndalama, chifukwa mukalipira kale amangokuuzani kuti mubwere sabata yamawa.