Nyenyezi zitatu: Hulk 181 yanga inabwera ndi lebulo yobiriwira

Ndinagula komiki ya The Incredible Hulk nambala 181 m'sitolo ya makomiki iyi mu Febuluwale pa mtengo wa mapaundi 2,600, ndipo ndinalipiranso ina padera kuti aisite pa makina otentha ochotsera makwinya ndi kuitumiza m'malo mwanga ku CGC, kampani imene imayesa ubwino wa makomiki, kuwapatsa giredi ndi kuwamatira m'chikesi chokhala ndi lebulo, monga momwe amachitira ndi makasitomala ambiri kuno ku Britain. Aliyense amene amasonkhanitsa makomiki akudziwa chifukwa chake buku limene linkagulidwa masenti 25 mu 1974 lero likudya ndalama zoterezi: ndi mmene Wolverine anaonekera koyamba m'nkhani yonse, atangosuzumira pa chithunzi chotsiriza cha nambala 180. Akudziwanso funso loyamba limene munthu amafunsa asanakhudze chikwama chake, loti kodi sitampa imene inasindikizidwa pa tsamba lina mkati mwa bukulo ilimo. Funsoli ndinafunsa, ndipo ndemanga yonseyi yagona pa yankho limene ndinapatsidwa.

Mnyamata amene anali pa kauntala tsikulo anayankha mosazengereza kuti bukulo ndi lathunthu, nandionetsa kakhadi komata pa pepala la pulasitiki kamene kankanenanso zomwezo. Nditapempha kuti alitulutse kuti ndione mkati ndi maso anga, anakana mwaulemu wa pakamwa pokha, akunena kuti buku lotere likamatsegulidwa kawirikawiri msana wake umachita timizere ndipo giredi imatsika, ndiponso kuti eni sitolo anali ataliona kale tsamba ndi tsamba. Mawuwo anamveka anzeru, pakuti ndi zoona kuti kamzere kamodzi kothyola utoto pamsana kamatha kutsitsa buku, choncho ndinalola. Bukulo sindinapite nalo kunyumba ngakhale usiku umodzi. Linatsala m'manja mwawo, iwo analisita, iwo analikulunga, ndipo iwo omwe analitumiza.

Patapita miyezi inayi phukusi linafika, lokulungidwa bwino kwambiri, ndipo pa zimenezi sindingawanamizire. Koma nditangochotsa makatoni ndinaona mtundu wa lebulo ndisanaone nambala. Inali yobiriwira. Giredi inali 7.0, imene ikanandisangalatsa ikanakhala pa lebulo yabuluu, koma pambali pake panalembedwa kuti sitampa inadulidwa.

Kwa amene sanakumanepo nazo, kuyambira mu 1974 mpaka mu 1976 kampani ya Marvel inkasindikiza timasitampa mkati mwa makomiki ake kuti ana azidula ndi kumata m'kabuku kapadera, ndipo ana ambiri anamvera. Mu nambala 181 sitampayo ndi ya Shanna, munthu wa m'makomiki a Marvel amene palibe amene angamulipirire mapaundi zikwi ziwiri, koma kusowa kwake kumasintha zonse. CGC imapereka lebulo yabuluu kwa buku lopanda vuto lapadera, yapepo kwa buku limene linakonzedwapo, monga kupakidwa utoto kapena kumatidwa, ndipo yobiriwira kwa buku limene lili ndi chilema chachikulu chimene nambalayo sinachiwerengere. Kunena kwina, 7.0 yanga ikutanthauza mmene bukulo likanakhalira sizasi ikanapanda kulikhudza. Ogula pa okushoni amadziwa bwino kusiyana kumeneku, ndipo usiku womwewo ndinakhala pa kompyuta kuyerekeza mitengo imene mabuku a lebulo ziwirizi anagulitsidwa m'mbuyomu, mpaka ndinaleka chifukwa mtima unayamba kundiwawa. Anthu amakonda kusimba za Action Comics nambala 1 ya 1938 imene inagulidwa madola 6 miliyoni pa okushoni ya kampani ya Heritage Auctions mu 2024 ili ndi giredi 8.5, ndipo ine sindili m'gulu la anthu amenewo, koma lamulo limene linakweza bukulo ndi lomwelo limene linagwetsa langa: wogula salipira pepala, amalipira nambala ndi mtundu wa lebulo.

Ogireda alibe mlandu pa nkhaniyi, iwo anangolemba zimene anapeza. Mlandu wanga uli ndi sitoloyi, makamaka ndi zimene zinachitika pambuyo pake.

Ndinatumiza imelo pamodzi ndi zithunzi za lebulo ndi lisiti, ndipo panapita masiku asanu ndi anayi popanda yankho. Ndinaimba foni kawiri, ndikuuzidwa kuti eni ake apita kuchionetsero cha makomiki. Loweruka ndinakwera sitima ndi kupita ndekha, bukulo lili m'chikesi chake chomatidwa, ndipo pa kauntala ndinapeza mnyamata yemwe uja. Analiyang'ana pang'ono, nati ogireda masiku ano akuumitsa kwambiri zinthu. Ndinamuuza kuti kuuma mtima kwa ogireda sikudula pepala. Kenaka anati munthu wogula buku la mtengo wotere amayenera kuliona yekha mkati asanalipire, ngati kuti si iye amene anandiletsa. Ndinamukumbutsa mawu ake, ndipo apa m'pamene ananena chimene chandichititsa kulemba ndemanga ino. Pamaso pa makasitomala ena atatu, anati iye sangadziwe chimene chinachitikira bukulo litachoka m'sitolo, popeza anthu ena amadula sitampa n'kuigulitsa padera kenaka n'kubwera kudzadandaula.

Sindikudziwa ngati anaganiza asanayankhule. Buku limene silinalowepo m'nyumba mwanga lisanamatidwe, limene linachoka pa shelefu yawo kupita pa makina awo ositira ndi kukalowa m'katoni yawo, ine ndikanalidula liti, ndipo ndi sizasi yotalika bwanji? Ndinamufunsa zimenezi mofatsa momwe ndikanathera, ndipo iye anangotembenukira kwa kasitomala wina. Ndakhala ndikugula m'sitoloyi kwa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo mnyamatayu ndinamupeza akuphunzira ntchito, asakudziwa n'komwe kusiyanitsa masamba oyera ndi otuwa. Kutchedwa wakuba ndi munthu ameneyo, pa ndalama zanga zomwe, kunandipweteka kuposa lebulo yobiriwira.

Ndinabwerera kunyumba nditatsimikiza zopereka nyenyezi imodzi ndi kukadandaula ku banki. Lolemba m'mawa eni sitolo anandiimbira okha. Ndi bambo achikulire oyankhula pang'onopang'ono, ndipo sanayambe ndi kudziikira kumbuyo. Anafotokoza kuti bukulo linabwera m'gulu la makomiki ambiri amene anagula pamodzi kwa banja lina, kuti anawerenga masamba napeza kuti ndi okwanira, koma sanatsegule tsamba lililonse palokha, ndipo kakhadi kaja anakalemba podalira mawu a mwini wake woyamba. Anavomeranso kuti amene analisita ankayenera kuona bowolo, chifukwa palibe amene amaika buku pa makina otentha asanaliyang'ane mkati. Pa buku lina lililonse ndikanamvetsa msanga, koma pa nambala 181 kuiwala sitampa kuli ngati kugula ng'ombe osaiona mano, ndipo zimenezi ndinawauza. Sanatsutse.

Anandipatsa njira ziwiri: kubweza bukulo ndi kulandira ndalama zanga zonse, kapena kukhala nalo ndi kubwezeredwa mapaundi 1,100. Ndinaganiza masiku awiri, ndipo ndinasankha kukhala nalo. Pamene mkwiyo unatsika ndinaliyang'anitsitsa bwinobwino kwa nthawi yoyamba, ndipo kunena chilungamo, ntchito yosita anaigwira mwaluso. Mafunde amene anali pachikuto chakumbuyo anatheratu, kufiira kwa chikuto chakutsogolo sikunazilale, chithunzi chimene anajambula Herb Trimpe chikuoneka ngati chasindikizidwa dzulo, ndipo timawaya tomangira tilibe dzimbiri. Pa ndalama imene yatsala nditachotsera zobwezedwazo, sindikuganiza kuti ndikanapeza lina looneka chonchi. Amene anadula sitampayo zaka makumi asanu zapitazo ayenera kuti anali mwana wosamala, chifukwa china chilichonse anachisiya bwino.

Ndalama zinalowa mu akaunti patapita masiku atatu, monga analonjezera. Ndalama yogiredetsa ndi ya inshuwalansi sanabweze, ndipo nditafunsa anati ntchitoyo inagwirika ndithu. Mfundo yawo ndikuimva, ngakhale kuti ndikanadziwa za sitampayo sindikanatumiza bukulo pa mtengo wogiredetsera wa gulu limene analiikamo.

Nyenyezi ziwiri ndi za bambowa, chifukwa cha kuvomera kulakwa popanda kukokakoka, ndipo yachitatu ndi ya kusita ndi kukulunga. Ziwiri zotsalazo zapita ndi kakhadi konama, masiku asanu ndi anayi a chete, ndi mnyamata wa pa kauntala, amene sabata yatha ndinamupeza ali pomwepo ndipo anandipatsa moni ngati sitinayankhulanepo kanthu. Eni ake anapepesa m'malo mwake, koma mawu aja sanatuluke pakamwa pawo. Ndili ndi makomiki ena awiri a m'ma 1970 amene ndikufuna kuwagiredetsa chaka chino, ndipo mwina ndidzawapatsanso iwowa chifukwa cha makina awo ositira, pokhapokha eni ake akhalepo tsikulo, ndipo tidzatsegule limodzi tsamba lililonse pa kauntala ndi kulemba pa lisiti zimene taona.